Yankho kwa amene afunsa za kukumba mjigo kumudzi

Achimwene, mwafunsa ngati ndalama mwasonkhazo mukakumbira mjigo ndiye kuti vuto la madzi kumudziko latha. Kumbani ndithu, koma nkhani simathera pokumba ayi. Mijigo yambiri imene mumaiona itafa sikuti pansi madzi anaphwa, nthawi zambiri kamangokhala kalabala ka m'kati mwa pampu katha kapena rodi, chitsulo chachitali chotsikira pansi chija, yaduka, anthu nkumadikira omwe anakumba aja kuti adzakonze, chonsecho iwowo anapita kalekale, mapeto ake azimayi nkubwereranso kumtsinje komwe ng'ombe zikumwera.

Ndiye musanaitane chigalimoto chokumba chija khalani kaye pansi ndi eni mudzi asankhe komiti, ndipo azimayi achulukemo chifukwa otunga ndi iwowo, mjigo ukayamba kulimba kapena kulira zachilendo amayamba kudziwa ndi iwo. Banja lililonse lizisonkha kangachepe mwezi ndi mwezi, ndalamazo zizilembedwa m'buku ndi kuwerengedwa pagulu, chifukwa msungichuma akangodya kamodzi basi palibenso adzasonkhe. Pampu ya Afridev ndi yabwino poti anaipanga dala kuti anthu wamba azitha kuzula ma rodi nkusintha malabala okha popanda makina, koma funsani kaye ngati masipeya ake amapezeka pafupi, komanso anthu awiri atatu aphunzitsidwe kukonza okumbawo asanachoke.

Kukumbako kukhale m'chilimwe madzi atatsika. Okumba dzinja amapeza madzi msanga nkusiyira pomwepo, dzuwa likatentha mjigo uli gwa. Malo akhale kumtunda, mamita osachepera 30 kuchokera pa chimbudzi kapena khola, pozungulira paikidwe simenti ndi ngalande kuti matope asamabwerere pansi. Ndipo madziwo akayezedwe ku labu musanalipire ndalama yomaliza, kuyera m'maso si umboni. Ku Bangladesh anakumba zitsime zamapampu zankhaninkhani pothawa matenda otsegula m'mimba, m'ma 1990 nkudzapezeka kuti zambiri zili ndi poizoni wa arsenic, amene samveka fungo ngakhale kukoma.

China chomwe anthu sakonda kumva nchakuti madzi amatha kuchoka pamjigo ali bwinobwino nkukaipira kunyumba. Ndowa yosavundikira, kapu imodzimodzi yomwera ndi yotungira, mwana wachokera kuchimbudzi osasamba m'manja nkupisa dzanja momwemo, kolera amalowera pamenepo. Kuli bwino kusunga m'chigubu chokhala ndi chitsekero, kumachita kutsanula osati kuviika kapu. Nthawi ya mliri kapena mjigo ukawonongeka thirani kolorini mwa muyezo wolembedwa pa botolo nkudikira mphindi 30, ngati palibe wiritsani mpaka abwate. Ena amadana ndi kafungo ka kolorini kaja, auzeni kuti kamachepa madzi akakhalitsa pang'ono.

Pa ndalama muli nazozo patulanipo ina ya maphunziro a komiti ndi masipeya oyambira, musathere yonse pa chitsulo.