Tanah Lot ndi Uluwatu tsiku limodzi? Musayerekeze, achemwali

Achemwali, dalaivala amene wakuuzani kuti kachisi wa Tanah Lot, magombe ndi kachisi wa Uluwatu, pachilumba cha Bali ku Indonesia, zitheka tsiku limodziyo akungofuna ndalama zanu. Pamapu zimaoneka zoyandikana, koma Tanah Lot ili ku Tabanan, kumpoto chakumadzulo kwa Denpasar, likulu la Bali, pamene Uluwatu ili kunsonga kwenikweni kwa dera la Bukit, kummwera kwa chilumbacho. Pakati pake pali Canggu ndi Kerobokan, misewu yopapatiza, njinga zamoto zili mbwee, ndipo masana mutha kutha maola awiri kapena atatu muli m'galimoto. Akachisi onse awiriwa amakoma dzuwa likamalowa, ndipo ku Bali limalowa pakati pa 6 ndi 7 koloko madzulo, chaka chonse. Kwinako mukafika kutada.

Madalaivala ena amanyansa zedi. M'mawa amavomera chilichonse, kenako panjira akukhotetserani kumunda wa khofi wa luwak, kusitolo ya siliva, kwa ojambula zithunzi, chifukwa mukagula iwo amalandirako kangachepe. Ola lapita, gombe simunalione n'komwe.

Ngati mtima uli pa Tanah Lot, yambani mwaona nthawi imene madzi a m'nyanja aphwere tsikulo. Akadzaza, kachisiyo mumangomuonera patali ali pathanthwe pakati pa mafunde. Akaphwera mumayenda pamiyala yoterera kukafika m'munsi mwake, pomwe pali kasupe wa madzi opanda mchere. Ansembe amakuwazani madzi, n'kukumatani timpunga pachipumi, inu n'kusiya kandalama. Kumtunda kwa kachisi amakwerako Ahindu okapembedza okha.

Koma poti mukufunanso magombe, tengani Uluwatu. Gombe la Melasti kapena la Pandawa m'mawa, la Padang Padang masana (mumatsikira pamasitepe a mumng'alu wa thanthwe, munthu mmodzimmodzi), cha m'ma 4 koloko mukhale mwafika pakachisi. Pageti amakubwerekani chitenje ndi lamba wansalu womanga m'chiuno. Matikiti a gule wa kecak gulani mukangofika, amayamba 6 koloko ndipo malo amadzaza msanga.

Tsono apusi a pamenepo! Si apusi wamba ayi, ndi mbava zophunzira ntchito. Inu mwatsamira kampanda ka paphompho la mamita 70 pomwe pali kachisiyo, foni m'manja, maso ali kunyanja. Pusi amabwera chakumbuyo, osamveka, kulemera mumangokumva paphewa magalasi atapita kale. Sathawira kutali. Amakhala pakhoma pomwepo, n'kumakuyang'anani akutafuna mwendo wa magalasiwo. Mukamusendezera akukuonetsani mano. Amadziwa kuti foni ndi magalasi n'zamtengo kuposa chipewa, ndiye chipatso chimodzi amachikana mpaka muwonjezere. Oyang'anira malowo amamuponyera zipatso kapena dzira, iye akakhutira n'kutaya katunduyo, mwina pansi, mwina kuphompho. Ndiye mupatsenso woyang'anirayo kenakake, magalasi atapindika kale. Chimene chimawawa n'chakuti alendo ena amangoseka n'kumajambula, ena n'kumawadyetsa dala apusiwo, n'chifukwa chake sakuopanso munthu.

Magalasi, ndolo, chipewa, botolo la madzi, zonse m'chikwama cha zipi musanatsike galimoto, ndipo chikwamacho chikhale kutsogolo. Ngati simuona bwino popanda magalasi, amangeni ndi kachingwe kothina kunkhongo. Osalimbana ndi pusi. Akakulumani kapena kukukandani, tsukani bala ndi sopo kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo, poti ku Bali kuli chiwewe.

Komabe pitani, musaphonye kecak chifukwa cha pusi. Foninso muitulutsa ndithu, ingogwirani ndi manja awiri. Dalaivalanso mutenge wa tsiku lonse, ngakhale ndawanena chonchi, chifukwa gule akatha aliyense amatulukira kamodzi, ndipo a Grab ndi Gojek (magalimoto ndi njinga zamoto zoitanitsa pafoni) amavutika kunyamula anthu pamenepo kaamba ka a mataxi a m'deralo. Mugwirizane mtengo ndi malo oima pa WhatsApp usiku wake, mulembe kuti masitolo ayi, mulipire pomaliza.

Pagombe mukaona mbendera yofiira musalowe m'madzi, mafunde ake amakokera mkati, si a ku Senga Bay. Ngati mukupita pakati pa Disembala ndi Febuluwale, magombe a Kuta ndi Seminyak amadzaza zinyalala za pulasitiki zobwera ndi mphepo. Ngati ndi mu Malichi, onani tsiku la Nyepi, tsiku lachete lolowera chaka chatsopano cha Ahindu a ku Bali: palibe wotuluka m'hotela, bwalo la ndege nalonso limatsekedwa.