Njovu ya minyanga pachibwano inalikodi

Achimwene a ku Lizulu, mwafunsa ngati chithunzi cha njovu ya minyanga yotulukira pachibwano chija n'chongopeka. Ayi ndithu, nyamayo inaliko, dzina lake Deinotherium. Minyanga yake inkamera pansagwada ya m'munsi n'kupindikira pansi ngati khasu, kumtunda kopanda kalikonse. Akatswiri amaganiza kuti inkasendera makungwa ndi kukokera nthambi, chifukwa mano ake ndi a nyama yodya masamba. Mu Africa muno inatha zaka pafupifupi 1 miliyoni zapitazo.

Musaitenge ngati gogo wa njovu zathu za m'nkhalango ya Dedza-Salima kapena Thuma. Ndi wachibale wakutali. Mabanja awo anasiyana kalekale.

Yodabwitsa kwambiri kwa ine ndi Platybelodon, nyama ina yakale ya mtundu wa njovu, imene mafupa ake ambiri anapezeka ku China. Inali ndi minyanga 4, iwiri ya m'munsiyo yophwatalala ngati fosholo. Kale ankati inkafukulira matope, koma kuperepeseka kwa minyangayo kukusonyeza kuti inkadulira zomera.

Mammoth, njovu yakale yaubweya, ya minyanga yopindika yofika mamita 4, ndi yadzulodzulo: zomaliza zinafera pachilumba cha Wrangel, kumpoto kwa dziko la Russia, zaka pafupifupi 4,000 zapitazo.