Maluwa a ku Nyika mu Febuluwale: funsani kaye za galimoto ndi wolondolera njira

Achemwali, inu amene mwafunsa muno za ulendo wa pagulu wokaona maluwa ku paki ya Nyika mu Febuluwale, ndalama ya ulendowo musatumize kaye. Amene akukuuzani m'makomenti kuti Febuluwale ndiye nthawi ya maluwa ku Nyika sakunama ayi, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene wakufunsani kuti mnyamata wokonza ulendoyo akunyamulani pa galimoto yanji. Mufunseni lero lomwe. Akangoyankha kuti "tili ndi minibasi yabwino, musadandaule," mtsazikeni mwaulemu. Ife mawu amenewa anatigoneka ndi njala.

Amene anakonza ulendo wathu anali wolankhula bwino zedi, positala yokongola, zithunzi za mbidzi zili m'maluwa, ndalama ya zonse ati yaphatikizidwa kale: mayendedwe, pageti, chakudya, wolondolera njira. Tinanyamuka ku Mzuzu mochedwa chifukwa iye ankadikira "anthu awiri otsala" amene sanabwere n'komwe. Ku Rumphi dalaivala anapempha kuti tithire mafuta odzaza, poti mukadutsa pamenepo musayembekezere kupeza pampu kumtunda kuja, iye n'kumuyankha kuti theka likwana. Kuchoka pa Rumphi kudzera ku Bolero kukafika pa geti la Thazima ndi makilomita opitirira 50, ndipo anthu ambiri akaona geti amayesa afika. Simunafike. Kuchoka pa Thazima kukafika ku Chelinda, kumene kuli kampu ya alendo m'kati mwa paki, ndi mtunda wina wonga womwewo, wokwera wokhawokha, msewu wadothi, penapake mumadutsa m'malire a Zambia osadziwa. Minibasi ija inatitimira m'matope mdima utagwa. Tinatsika tonse, azimayi ndi zitenje m'chiuno, kukankha, kuthyola nthambi n'kumaika kunsi kwa matayala, matope akutiwazikira kumaso. Bwana wokonza ulendo anakhala m'kati ati akuunikira ndi foni. Anatikoka ndi anthu ena a Land Cruiser amene ankatsika, Mulungu awadalitse kulikonse kumene ali.

Koma zimenezo n'zazing'ono. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi cha m'mawa mwake.

Kunacha bwino, dzuwa lili ngwee. Tinadzuka n'kuona mapaini a pa Chelinda kumbuyo kwathu, kutsogolo udzu wobiriwira wokhawokha, zitunda pamwamba pa zitunda mpaka kumene maso alekezera. Titafunsa za wolondolera njira amene tinalipira kale, mnyamata uja anati alonda a paki ndi odula, iye malowa amawadziwa ngati kwawo. Tinamutsatira. Ola loyamba ndiye sindinganame, ndinaiwala matope onse a dzulo lake. Maluwa ake si a m'munda wa pahotela oti ali pamzere ayi, muyenera kuwerama. Mukaponda m'mphepete mwa dambo mumaona kaluwa kapinki kataima pa phesi limodzi, timaluwa tating'onoting'ono titasanjikizana kuchokera pakati mpaka kunsonga, pambali pake kena kobiriwirako koti mukhoza kukaponda osakaona, patsogolo pang'ono ena achikasu ouma ngati pepala amene sanyala ngakhale atathyoledwa. Mayi wina wa ku Rumphi amene tinali naye anagwada n'kunena kuti ichi ndi chinaka. Ambiri a ife chinaka timangochidziwa chitaphikidwa kale pamsika, sitidziwa kuti chimachokera ku mizu ya maluwa a mtundu umenewu, otchedwa ma orchid. Ku Nyika kuli mitundu ya ma orchid yoposa 200, ndipo ambiri amamera pansi m'udzu, osati m'mitengo. Cha kutali ntchefu ndi chilembwe zikudya, osatilabadira.

Kenako nkhungu inatsika. Abale, amene simunafike kumtunda kuja simungamvetse. Si nkhungu ya m'mawa ya ku Dedza imene mumaona magetsi a galimoto ali kutali. Inabwera kuchokera kumbali, mwakachetechete, ndipo pasanathe mphindi zochepa munthu amene anali patsogolo panga ndinkangomumva mawu. Mapaini aja amene tinkadalira kuti atilozera kobwerera anasowa. Ndiye vuto la Nyika ndi lakuti zitunda zonse n'zofanana, m'malo ambiri palibe thanthwe kapena mtengo woti munganene kuti tinadutsa apa. Tinjira timene mumaona m'udzu ndi ta nyama, mukatitsata timakusiyani m'dambo. Mvula inayamba, yozizira ngati madzi a mufiriji, ndi mphepo yake. Mabingu akugunda pafupi, ife tili pamwamba pa chitunda popanda pobisala, wina atanyamula ambulera ya chitsulo. Mtsikana wina wa ku Blantyre anabwera ndi nsapato za kanivasi ndi kajuzi kopyapyala, chifukwa pa positala paja sanalembe za zovala. Milomo yake inasintha mtundu, mano akugundana, kenako anasiya kudandaula n'kungokhala pansi m'udzu wonyowa ati tingomusiya apume. Apa m'pamene mantha anandigwira zenizeni, chifukwa munthu wozizidwa akasiya kulankhula zinthu zafika poipa. Tinamuvula juzi yonyowayo, bambo wina anavula jekete yake n'kumuveka, tinamukulunga zitenje ziwiri, awiri kumugwira m'mapewa kuti aziyenda basi. Wina anali ndi mabisiketi onyowa m'thumba, tinamudyetsa amenewo.

Nanga mwini ulendo? Ankayenda uku ndi uku atakweza foni m'mwamba kufuna netiweki. Netiweki ku Nyika, m'nkhungu! Tikamufunsa kuti kampu ili mbali iti, akuloza uku, pakapita nthawi akuloza kwina, mpaka anayamba kutikalipira ife kuti tinkachedwa ndi kujambula maluwa. Tinkachedwa ndi maluwa, chikhalirecho maluwawo ndi amene tinalipirira. Munthu wopanda manyazi ngati ameneyu sindinamuonepo. Anatipulumutsa ndi mayi wa ku Rumphi uja. Iye anati tisiye kuzungulira, tigwirane zitenje pamzere, tiziyenda cha pamwamba pa chitunda osatsikira m'madambo kufikira titapeza msewu wa galimoto, poti misewu ya m'paki imazungulira pafupi ndi Chelinda. Tinaupezadi kukuyamba kuda, ndipo alonda a paki, amene anaona kuti sitinabwerere, anatipeza pamenepo. Anatifunsa funso limodzi lokha: anakulolani ndani kupita nokha? Mnyamata uja kukamwa kunali gwa. Ndalama ya wolondolera njira anali atadya kalekale. Titabwerera kumudzi anatichotsa tonse pa gulu la WhatsApp, nambala n'kusintha. Ndamuonanso akutsatsa maulendo ndi dzina lina, zithunzi zake zomwe zija. Dzina sinditchula muno, aadimini angandichotse, koma mukaona positala yopanda mtundu wa galimoto dziwani kuti mwina ndi yemweyo kapena mbale wake.

Tsono inu musamve ngati ndikuti musapite. Pitani, ndipo pitani mu Febuluwale momwemo. Ena akuuzani kuti dikirani chilimwe msewu uume. Inde, cha mu Sepitembala ndi Okutobala udzu ukapsa kumatuluka maluwa ena okongola ndithu, msewu uli bwino, koma ma orchid ochuluka aja ndi a dzinja, Januwale ndi Febuluwale. Mukafuna amenewo, matope ndi nkhungu muzilandire. Juni ndi Julayi ndiye musayerekeze ngati cholinga ndi maluwa, kumakhala chisanu choti m'mawa udzu umayera mbuu.

Galimoto ikhale ya 4x4, muione ndi maso anu kapena akutumizireni chithunzi chooneka nambala. Mafuta dzazani pa Rumphi, ndipo pa Thazima mudutse dzuwa likadali pamutu. Wolondolera njira mukamulipire nokha m'manja mukafika ku Chelinda, musadutsitse ndalama imeneyo kwa munthu wina. Anthu amenewa amadziwa kuwerenga mitambo, amadziwanso kumene kuli maluwa sabata imeneyo, komanso musaiwale kuti muja ndi m'paki, muli afisi ndi akambuku, ndipo cha kumunsi kuli njovu. Nyamukani m'mamawa kuti pofika masana mukhale mukubwerera, mvula yambiri imakonda masana. Chelinda ili pamtunda wa mamita oposa 2,000, Nganda, nsonga yaitali koposa ku Nyika, ndiye imapitirira 2,600, choncho mpweya umachepa, musadabwe mukamapuma wefuwefu pa kachitunda kakang'ono. Jekete ya mvula, juzi yochindikala, masokosi ena ouma m'jumbo, majombo kapena nsapato zolimba, fulasiki ya tiyi. Ambulera isiyeni kunyumba.

Maulendo a pagulu awa ine ndinalumbira kuti sindidzakweranso. Komabe kubwereka 4x4 nokha kuchokera ku Mzuzu n'kodula kwambiri, ndiye pezani anzanu anayi kapena asanu odziwana mugawane, ndalama asunge munthu amene mumadziwa kwawo ndi amayi ake. Ndipo chonde musakakumbe kalikonse. Ndikudziwa alipo muno amene akangomva chinaka aganiza zonyamula khasu. Anthu okumba mobisa akuwononga kale madambo kumtunda kuja, ndipo muzu ukachoka duwa limenelo silimeranso pamalopo. M'paki ndi mlandu, akakugwirani musadzati sitinanene.

Ana aang'ono musawatenge pa ulendo wapansi wautali, akhale cha ku madamu a pa Chelinda, maluwa aliponso pamenepo. Mukapeza galimoto yabwino ndipo mpando watsala, ndilembereni ku inbox.