Ryzen 5 7600X ikufika madigiri 65 isakugwira ntchito

Achimwene, mwati mwangomanga kumene kompyuta ya purosesa (CPU) ya Ryzen 5 7600X ndipo kutentha kwake kukufika madigiri 65 Celsius musakuchitapo kanthu. Ma Ryzen 7000, gulu la purosesa yanuyi, amatenthadi, kampani ya AMD inawapanga kuti azifika 95 ntchito ikachuluka, koma ikangokhala, 40 mpaka 50 ndiye zabwinobwino.

Yambani mwaona ngati ilidi phee. Windows yongoikidwa kumene imakhala kalikiliki ndi ma update. Tsegulani Task Manager, yoonetsa zomwe kompyuta ikuchita, ntchito ya CPU ikakhala pamwamba pa 5%, idikireni imalize. Yezerani kutentha ndi pulogalamu ya HWiNFO64, osati mu BIOS (zosintha za motherboard zomwe mumalowamo Windows isanayambe), poti mmenemo purosesa sichepetsa mphamvu, manambala amangokwera.

Zikapitirira, masulani cooler, choziziritsira purosesa. Anthu ambiri amaiwala kapulasitiki koonekera kamene kamamatidwa kunsi kwake, ndipo kamatchinga kutentha kuti kusadutse. Onaninso mmene thermal paste, phala lodutsitsa kutentha pakati pa purosesa ndi cooler, wafalikira: mbali imodzi ikakhala youma, cooler sinakhale bwino. Pukutani ndi isopropyl alcohol, dontheza paste wochepa ngati kanjere ka nandolo pakati penipeni, kenako mangani masikuluu mopingasa, pang'onopang'ono, mpaka onse alimbe mofanana. Kulimbitsa imodzi mpaka mapeto ndiko kumapendeketsa cooler.

Fani ya cooler ilumikizidwe ku CPU_FAN, polumikizira pake pa motherboard. Ngati ndi cooler ya madzi, pampu ipite ku AIO_PUMP ndipo liwiro lake muliike pa 100%. Mukaigwira isakunjenjemera, ndiye kuti siikuzungulira.

Chotsaninso chitseko cha m'mbali cha bokosi la kompyuta. Kutentha kukatsika kwambiri, vuto ndi mpweya: mafani akutsogolo azikoka, wakumbuyo azitulutsa.