Za VDC zija, mvera kaye usanawayankhe a gulupu

Halo... eya, yayamba kujambula. Pepani nonse pagulu pano, uthengawu utalika, amene bandulo yawathera adzamvera mawa. Ndikuyankha msuweni wangayu, amuna anga a ku Ntcheu, amene afunsa m'mawa muja za VDC, komiti ija ya chitukuko cha m'midzi, kuti, "Kodi mu VDC mumakhala alawansi? Anthu akufuna andisankhe." Hahaha, iwe! Alawansi? Mulibe. Ndi ntchito yongodzipereka basi. Ine ndinakhalamo ngati mlembi kwathu kuno, chimene ndinapindula ndi Fanta ndi banzi tsiku la maphunziro, kapena ka thiransipoti bungwe lina likatiitana ku boma. Kamene kaja kamathera pa kabaza usanafike pakhomo.

Koma ine ndimakudziwa iwe. Munthu wogulitsa mbatatesi pa Tsangano sangafunse za alawansi ngati kuti wasowa ya sopo. Sindiwe wa ndalama ayi. Iwe chikukuvuta ndi cha amalume ako chija. Ukuopa kuti anthu adzakuloza chala ngati mmene anawalozera iwo. Usakane, ndakumva kale mawu ako.

Ana inu a pagulu pano simukuidziwa bwino nkhaniyi, mumangomva kuti "simenti ya bambo aang'ono" n'kumaseka. Inali nthawi ya MASAF, thumba lija la boma lothandiza zitukuko za m'midzi, a Muluzi ali pampando. Chaka chake... ndimati 2002, ayi, 2002 ndi chaka cha njala chija, izi zinachitika njala isanafike, ine ndili sitandade 7. Nthawi imeneyo mudzi umaumba njerwa, kututa mchenga ndi miyala, ndiye MASAF imabweretsa ndalama za simenti, malata ndi amisiri, ndipo ndalamazo zimayendetsedwa ndi komiti ya anthu a m'mudzi momwemo. Ndiye anthu anati msungichuma akhale bambo aang'ono, poti samwa mowa. Chifukwa chake chinali chomwecho basi, samwa mowa. Kulemba kwawo mukukudziwa, dzina lokha amalemba mpaka thukuta.

Simenti itabwera, pasukulu panalibe chipinda chokhoma. Nyumba ya malata m'mudzi monse inali yawo ija, ija anamanga ndi ndalama za ku Wenela... ayi, za fodya, za ku Wenela zinapita ku ng'ombe zija, inu azakhali mukudziwa mmene zinathera, tisayambe. Ndiye matumba onse anawaunjika kuchipinda kwawo. Mayi aang'ono anasamukira kukhitchini, ati sindingagone ndi fumbi. Iwo n'kuyala mphasa pafupi ndi matumba, chikwanje pamutu, miyezi yathunthu. Munthu wamkulu kugona ndi simenti ngati mkazi wachiwiri!

Mvula yoyamba itagwa, denga linadontha pakona pomwe panali matumba. Awiri anauma gwa, kusanduka miyala. Amisiri powerenga anapeza kuti awiri akusowa, ndipo dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika kale kudambo kuti agulitsa. Ena mpaka anati anawaona usiku ndi ngolo. Agogo anasiya kupita kumjigo sabata yonse chifukwa cha manyazi, madzi timakawatungira ndife.

Tsiku la msonkhano, dikira... iwe, tseka chitseko icho, nkhuku zikulowa! Pepani. Tsiku la msonkhano pansi pa mkuyu paja, anthu atadzaza, iwo anafika mochedwa dala, akukankha wilibala. Osapereka moni. Anangogubuduza matumba awiri ouma aja pamaso pa amfumu, gu! gu! N'kutulutsa chitini cha shuga m'thumba la jekete, mmene munali malisiti onse, ngakhale ka misomali. Anati aphunzitsi aakulu awerenge mokweza, limodzilimodzi. Anawerenga mpaka anthu anayamba kuyasamula. Palibe tambala imene inasowa. Amene anawaona ndi ngolo uja anangoti zii, kenaka n'kumati mwina inali ngolo ya wina.

Ndiye thumba limodzi ndi lija limakhala pakhonde pa agogo, limene mumakhalira pokazinga chimanga. Eya, mwala umene uja! Iwe wakhalirapo kuyambira uli wosavala, osadziwa kuti ukukhalira mlandu wa amalume ako.

Koma chimene anthu saiwala ndi simenti, buloko ya sukulu ija saitchula. Iwe sitandade 1 unaphunzirira m'kati, pa simenti, ife tinaphunzirira pansi pa mtengo, mvula ikabwera kumathawa ndi masileti pamutu. Mwana wako pano ali m'buloko yomweyo.

Ndimati chiyani... eya, VDC. Usasokoneze ndi ukhansala, poti ndaona alamu alemba kuti "ayi asalowe ndale". Khansala ndi wina, amene uja timamuvotera pa chisankho chachikulu, ngati pa 16 September 2025 paja, ndipo amakakhala ku khonsolo. VDC ndi ya midzi ya gulupu mmodzi. Pamwamba pake pali ADC, komiti ya chitukuko ya dera lonse la a T/A, kenaka khonsolo ku boma kumene kuli a DC. Zinabwera ndi lamulo la maboma ang'ono la 1998, zija ankati mphamvu ku anthu. Amfumu ntchito yawo ndi kulangiza, wapampando amasankhidwa pakati pa anthu wamba. Ndipo kumbukira kuti makhansala oyamba aja tinawasankha mu 2000, nthawi yawo itatha mu 2005 dziko linakhala opanda khansala mpaka 2014. Zaka zonsezo nkhani za mijigo ndi milatho zimayenda ndi ndani kumudzi? Makomiti omwewa, ndi mafumu, ndi alangizi.

Ntchito yake ndi yotopetsa, sindikunamiza. Mumakhala pansi ndi anthu, mlangizi wa zaumoyo alipo, wa zaulimi alipo, n'kumafunsa kuti chikutivuta kwambiri n'chiyani. Wina mjigo, wina mlatho, wina nyumba ya aphunzitsi, wina akufuna msewu udutse pakhomo pake penipeni. Mumakangana mpaka mwagwirizana choyamba, chachiwiri, n'kulemba. Pepala limenelo limapita ku ADC, kumene likapikisane ndi mapepala a magulupu ena, kenaka ku khonsolo. Nthawi zina limabwerako ndi kanthu, nthawi zambiri limangokhala chete. Ife mlatho wathu tinaulemba katatu. Kutukwanidwa ndiye usanene. Dzina la munthu likasowa pa feteleza wotsika mtengo kapena pa Mtukula Pakhomo, ngakhale mainawo sunalembe ndiwe, adzabwera pakhomo pako m'mamawa usanasukusule.

Komabe... mvera apa, amuna anga. Vomera. Lowamo. Pepala lija lidzalembedwa ndithu, iwe ulipo kapena palibe. Ukakana, pampando pamenepo padzakhala wina, ndipo mjigo ukadzabwera adzaukumba kuseri kwa nyumba ya apongozi ake, amayi ako azidzayendabe mpaka kudambo ndi mwendo wawo uja. Kumtunda kwanu kuja kwakhala kopanda munthu mu komiti kuyambira pamene amalume ako anamwalira, ndiye ukudabwa kuti chilichonse chimathera kumunsi? Sikuti akumunsi ndi oipa ayi, kungoti polemba paja amene alipo ndi amene amakumbukira kwawo.

Chachiwiri... ayi si chachiwiri, ndi chomwechi. Ukalowa, ugule hadikava. Chilichonse cholowa, chilichonse chotuluka, tsiku lake, ndi amene analipo. Thumba la simenti likabwera, anthu atatu aliwerenge, asaine. Usasunge katundu wa mudzi m'nyumba mwako, olo akunyengerere bwanji. Ndipo pa msonkhano uliwonse uziwerenga bukulo mokweza, asanakufunse. Amalume ako chinawapulumutsa ndi chitini cha shuga, iwe uli ndi MSCE ndi foni yojambula, ukuopa chiyani? A CDF, thumba lija la chitukuko cha dera la phungu, akabwera ndi chitukuko, uzifunsa kuti ndalama zake ndi zingati, kontilakita ndi ndani, n'kulemba. Ena adzakuda nazo zimenezo. Akude.

Aa, azakhali, ndikudziwa mumvera uthengawu ndipo muziti ndikumuponya mwana wanu m'moto. Inu nomwe munkawapititsira nsima bambo aang'ono ku buloko kuja, mukuti achimwene anga akumanga sukulu, pano mwaiwala? Mulekeni alowe. Akapanda kukhalapo iye polemba, kumtundako sikudzalembedwa, ndi zomwe ndikunena ine.

Koma iwe, usakavomere usungichuma chaka choyamba, ndakupempha. Ulembi bola. Ndipo usakayambe kuvala jekete pa dzuwa ngati bwana, ndidzakuseka pamaso pa akazi ako enieniwo. A gulupu ukawayankhe Loweruka lisanafike, asaganize kuti ukudzikweza. Mbatatesi zanga zija utumize pa minibasi ya Lachisanu, zazikuluzikulu, osati tija unanditumizira ulendo watha ngati mazira a nkhanga. Batire yafiira, ndadula.