Mwala wakuda mu mjigo: kodi ndi gasi?

Mlimi wina wa m'boma la Moatize ku Mozambique wafunsa kuti: "Pokumba mjigo wa kudimba kwathu, mwala wakuda unapezeka pa mamita 20, koma kumudzi woyandikana nawo unapezeka pa mamita 60. Anthu akuti ndi gasi. Kodi nzoona?"

Bambo, mwala umenewo ndi matope akalekale omwe anauma n'kulimba. Umasendeka ngati mapepala, ndipo akatswiri amautcha shale. M'chigwa cha Zambezi miyala inagona mosanjikizana ngati mphasa, ndipo gulu lonselo dzina lake ndi Karoo, lochokera ku South Africa. Pansi penipeni pali mwala wa Vúzi, pamwamba pake wa Moatize momwe muli malasha, kenako mwala wamchenga wa Matinde. Dzina limatengedwa pa malo omwe mwalawo unaonekera poyera, silinena za kuya kwake. Mwachitsanzo, ku America kuli shale wotchedwa Marcellus, dzina la tauni ya m'chigawo cha New York, koma gasi wa m'mwalawo amakumbidwa kwambiri ku Pennsylvania, kilomita imodzi kapena ziwiri pansi.

Kukhuthala n'kwina, kuya n'kwinanso. Pa mizere ya malasha ya ku Moatize, monga Sousa Pinto, Chipanga ndi Bananeiras, wokhuthala kwambiri ndi Chipanga, mamita pafupifupi 30. Komatu pena uli pafupi ndi nthaka, pena uli pansi zedi, chifukwa dziko linang'ambika kalekale, mbali ina n'kutitimira. Choncho mwala wanu wa pa 20 ndi wa anzanu wa pa 60 ukhoza kukhala umodzi womwewo.

Pa kuya kotereku musayembekezere gasi wogulitsa. Amene dziko lathu likugulitsa amachokera ku Pande ndi Temane ku Inhambane, komanso m'nyanja ku Cabo Delgado. A m'boma la Angónia musavutike n'komwe ndi za gasi, kwanu ndi mwala wina wakale wolimba.

Chondidetsa nkhawa ine ndi madzi. Madzi odutsa m'mwala wakuda ndi m'malasha nthawi zina amakhala amchere, adzimbiri, kapena onunkha ngati dzira lowola, ndipo mchere umafooketsa tomato ndi anyezi. Okumba akusiyireni pepala losonyeza mwala uliwonse ndi mamita ake, atsekenso bwino chigawo chakudacho ngati madzi abwino ali pansi pake. Yezetsani madziwo musanafese nazale. Mukaona thovu likutumphuka mu mjigo, musayatsepo moto, kanenani tsiku lomwelo ku SDAE, ofesi ya boma yoona za ulimi ndi chuma.