Mafunso Anu: Ma floppy akale, zomwe zilimo tizipulumutsa bwanji?

FUNSO: Zikomo akulu. Malemu bambo anga anasiya katoni ya ma floppy, ena ang'onoang'ono olimba aja ena akuluakulu opindika. Pa imodzi analemba ndi bolopeni kuti "buku langa 1994" ndipo mtima ukufunitsitsa nditawerenga. Ndagula kadraivu ka USB koma ndikalowetsa diski kompyuta ikuti ndiyipange format kaye. Ndivomere? Ndine mwana wawo wamkazi.

YANKHO: Pepani achemwali ndi imfa ya bambo. Koma chonde chonde musavomere, itulutseni diskiyo pompano. Kompyuta ikamati format sikuti muli mopanda kanthu ayi, ikungovomereza kuti yalephera kuwerenga, ndiye mukadina yes mwafufuta nokha buku la bambo.

Musanalowetsenso ina iliyonse itsekeni kaye kuti kompyuta isalembemo kanthu. Zing'onozing'ono zija, za mainchesi 3.5, zili ndi kabatani kotsetsereka pakona kumbuyo, kakankheni mpaka kabowo katseguke kuti muziona kuwala, ikatero yatsekeka. Zikuluzikulu za 5.25 ndi zosiyana, pamenepo mumamata katepi pa kamphako kali m'mbali. Ambiri amasokoneza ziwirizi. Jambulaninso lebulo iliyonse ndi foni, zolemba za bambo pamwambapo ndi mbiri payokha komanso zikuthandizani kudziwa kuti fayilo iti inachokera pati.

Kenako iyang'anitsitseni. Pa zing'onozing'onozo kankhani kachitsulo kotsetsereka kophimba pomwe draivu imawerengera muone kambale kabulauni kali mkati, muzikatembenuza pang'onopang'ono ndi chala pa chitsulo chapakati kumbuyo. Mukaona timadontho totuwa ngati ufa imeneyo ndi nguwi, isalowe mu draivu. Ine ndinaphunzira movutikira, ndinalowetsa ina osayang'ana ndikungomva kulira kwii kwii, potulutsa ndinapeza mzere wozungulira wowala pomwe utoto wabulauni unapalika, ndipo utoto umenewo ndi womwe umasunga data, ukachoka palibenso katswiri angaubweze. Choipa china nyansizo zimatsalira pa kamutu kowerengera nkumakanda diski iliyonse yotsatira. Nde muzipukuta kamutuko ndi kathonje konyowetsa isopropyl alcohol, kaume, muzilowetsa ina.

Tsopano chifukwa chake kadraivu kanu kakukana. Mwina diski yaonongekadi, koma nthawi zambiri vuto ndi loti inalembedwa ndi kompyuta ya mtundu wina. Madraivu a USB amadziwa za 1.44 MB basi, ndipo ambiri za PC za 720 KB. Werengani mabowo, ya 1.44 MB imakhala ndi awiri m'makona, ikakhala ndi limodzi ndi ya mtundu wakale uja, ikhoza kukhala ya PC, kapena ya Macintosh ya 800 KB, kapena ya Amiga ya 880 KB. Ya Macintosh imeneyi draivu yake inkasintha liwiro pozungulira malinga ndi pomwe kamutu kafika, nde ka USB kanuko kangayese usiku onse sikamva kanthu. Yesani kukumbukira kompyuta yomwe bambo ankagwiritsa ntchito, ngakhale pa chithunzi chakale ikhoza kuoneka.

Njira yomwe ine ndimaikhulupirira ndi kabodi ka zamagetsi kotchedwa Greaseweazle, kaliponso kena KryoFlux. Mbali ina mumalumikiza ku USB mbali ina ku draivu yakale yeniyeni ndi chingwe chophwatalala cha mapini 34 chija. Ubwino wake sikalimbana nzoti mafayilo ali pati, kamangojambula mmene maginito agonera pa diski yonse nkusunga ngati fayilo imodzi, kumasulira mumachita pambuyo modekha pa kopeyo, lero zikakanika mawa muyesa pulogalamu ina osakhudzanso diski. Mfundo yaikulu ndi imeneyi achemwali, diski ya zaka 30 ikhoza kulola kuwerengedwa kamodzi kokha, nde ulendo woyambawo mutengeretu zonse osati kumatsegula fayilo imodziimodzi kuti muone kaye. Zikuluzikulu zija ndiye njira ndi yomweyi, mufunika draivu ya 5.25 ndi magetsi ake a 5V ndi 12V. Ndipo ya "buku langa" ikhale yomaliza, yambani ndi zomwe simungalire nazo mpaka manja azolowere. Ngati zamawayazi si mbali yanu, funsani kwa osunga zakale kapena magulu okonda makompyuta akale, bola muwauze kuti mukufuna kope ya diski yonse.

FUNSO: Ine ndinakopera bwinobwino koma mafayilo sakutseguka, ena akuthera .WPD ena .WK1, ndikawakakamiza akungotulutsa zilembo zosamveka. Afa?

YANKHO: Sanafe achimwene. WPD ndi ya WordPerfect, WK1 ndi ya Lotus 1-2-3, mapulogalamu omwe ankalamulira m'maofesi Word ndi Excel zisanatenge malo. Yesani LibreOffice, ndi yaulere ndipo imatsegula onse awiri. Zikatseguka sungani kope ina ngati PDF koma yoyambirira musaitaye kapena kuisintha dzina. Ngati ndi pulogalamu kapena gemu ya DOS, pulogalamu yomwe inkayendetsa ma PC akale, ina yotchedwa DOSBox imaiyendetsa pa kompyuta ya lero. Mudutsitsenso antivirus, ma virus ankayenda kwambiri pa ma floppy, Brain ya 1986 inafala choncho.

FUNSO: Nanga osangokopera pa ma floppy atsopano bwanji kuti zikhale mmene zinalili?

YANKHO: Atsopano ake ati? Sony, yomwe inayambitsa ya 3.5, inasiya kupanga mu 2011, ndiye zomwe mungapeze zili mu pulasitiki nazonso zagona zaka zambiri. Ngakhale boma la Japan lomwe linakakamira nthawi yaitali linachotsa malamulo ofuna ma floppy mu 2024. Zomwe mwapulumutsa zikhale malo atatu, pa kompyuta, pa hard drive yapadera, ndi pa intaneti kapena kwa m'bale okhala nyumba ina, ndipo pakapita chaka muzitsegula kuona ngati zikadali bwino chifukwa flash nayo imafa osatsanzika. Ma diski enieniwo musataye, zida zowerengera zikupitabe patsogolo ndipo yomwe yakana lero mwina idzalola. Aimikeni choimirira m'bokosi, akuluwo m'timaenvelopu tawo, pamalo ouma osatentha, kutali ndi ma speaker ndi china chilichonse chokhala ndi maginito.